Vinyo woyera wa mlimi wa ku France: kumusankha, kumusunga ndi kumutsegula

Timamutcha woyera, koma mukamuthira m'tambula amaoneka ngati udzu wouma wa mu Ogasiti, nthawi zina wobiriwirako pang'ono. Vinyo amene ndikunena pano si wa makampani odzaza mabotolo mamiliyoni chaka chilichonse. Ndi wa banja limene lili ndi mahekitala 5, 10 kapena 15 a mpesa, lomwe limalima lokha, kukolola lokha, kufulula lokha n'kuthira m'mabotolo pakhomo pomwepo. Afalansa amamutcha munthu wotere vigneron.

Kuti muone kuchepa kwake: mgolo wamatabwa wa ku Bourgogne, dera lina la mpesa ku France, umalowa malita 228, omwe ndi mabotolo pafupifupi 300. Mlimi akapeza migolo 4 kuchokera pa kamunda kamodzi, ndiye kuti dziko lonse lapansi ligawana mabotolo 1,200 basi. Akatha, atha. Wa chaka chamawa sadzafanana ndi wa chaka chino, chifukwa mvula ndi dzuwa sizibwereza.

Ndinene poyambirira pomwe kuti kuchepa si ubwino. Alipo alimi ang'onoang'ono amene vinyo wawo ndi wachabechabe. Koma wabwino mukamupeza, mumamva kukoma kwa malo amodzi ndi chaka chimodzi, ndipo ntchito yanu imangokhala yoti musamuwononge asanafike pakamwa.

Yambani ndi malo

Chimene chimasokoneza ambiri ndi ichi: botolo la ku South Africa limalemba dzina la mphesa, monga Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc, pomwe la ku France nthawi zambiri limalemba dzina la dera. Amaganiza kuti mukudziwa kale mphesa zimene zimalimidwa kumeneko. Lamulo lawo ndi limene limanena mtundu wa mphesa wololedwa m'dera lililonse, ndipo dongosolo limeneli linayamba mu 1935. Zilembo za AOC kapena AOP pa botolo zikutanthauza zimenezo.

Musalimbane ndi France yense. Ine ndimalangiza kuyamba ndi mtsinje umodzi, Loire, womwe ndi wautali makilomita pafupifupi 1,000, chifukwa m'mbali mwake muli alimi apabanja ambiri ndipo mitengo sinafike popenga ngati ya ku Bourgogne. Mayina atatu akukwanirani.

Kufupi ndi nyanja yamchere, mozungulira mzinda wa Nantes, kuli Muscadet, wochokera ku mphesa zotchedwa Melon de Bourgogne. Musamusokoneze ndi Muscat wotsekemera uja. Muscadet alibe shuga womveka, ndi wopepuka, wowawasa ngati ndimu, ndipo ena amati amamveka kamchere. Funani lolembedwa Sèvre et Maine ndi mawu akuti sur lie. Amene anaonapo mowa ukuwira mumbiya akudziwa nsenga zimene zimadikha pansi. Mawu akuti sur lie akutanthauza kuti vinyoyo sanachotsedwe pa nsenga zake nyengo yonse yozizira, ndipo sanalowe m'botolo mwezi wa Malichi usanafike. Nsengazo zimamupatsa thupi ndi kakuthetheka pang'ono palilime. Midzi ina monga Clisson, Gorges ndi Le Pallet inapatsidwa ulemu wolemba mayina ake pa botolo mu 2011, ndipo vinyo wake amakhala pa nsenga nthawi yaitali kwambiri, wina zaka 2 kapena kuposa.

Mukakwera ndi mtsinje kufika ku Tours mupeza Vouvray, wa mphesa za Chenin Blanc. Kumeneko miyala ndi yofewa, ya laimu, moti anthu anakumba mapanga m'matherezi ndipo ndi m'menemo amasungira migolo. Apa samalani ndi shuga. Mlimi mmodzi yemweyo amatha kupanga wosatsekemera, wotsekemera pang'ono ndi wotsekemera ngati uchi, zonse pansi pa dzina limodzi la Vouvray. Mawu oti muwafune ndi sec kwa wosatsekemera, demi-sec kwa wapakatikati, ndi moelleux kwa wotsekemera ndithu. Ngati sanalembe, funsani wogulitsa musanalipire.

Mukapitirira kumtunda kuli Sancerre, ndipo tsidya lina la mtsinje kuli Pouilly-Fumé. Onsewa ndi a Sauvignon Blanc. Ndi otchuka, choncho ndi odula. Palinso Pouilly-Fuissé, dzina lofanana ngati mapasa, koma ameneyo ndi wa mphesa za Chardonnay, wa ku Bourgogne, kutali ndithu.

Kwa inu amene muli ku Johannesburg kapena Cape Town, kapena mumagula m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre komwe vinyo wambiri amachokera ku South Africa, pali njira yachidule yophunzirira. Chenin Blanc kwawo ndi ku Loire, koma lero amalimidwa kwambiri ku South Africa kuposa ku France komweko, ndipo achikulire kumeneko ankamutcha Steen. Gulani Chenin wa ku Swartland kapena Stellenbosch, madera a ku South Africa, mumuike pambali pa Vouvray sec. Wakummwerayo amamveka magwafa ndi chinanazi chifukwa cha dzuwa. Wa ku Loire amamveka maapozi, uchi pang'ono ndi kuwawasa kokhalitsa mkamwa. Madzulo amodzi otere amaphunzitsa kuposa kuwerenga mwezi wathunthu.

Kenako fufuzani amene anapanga

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha nyumba yachifumu pa botolo sichikuuzani kanthu, ngakhalenso kulemera kwa botololo. Tembenuzani, muwerenge timalemba ting'onoting'ono.

Mawu ofunika kwambiri ndi akuti mis en bouteille au domaine, kapena à la propriété. Akutanthauza kuti vinyoyo anathiridwa m'botolo pamalo pomwe anapangidwira. Pambali pake payenera kukhala dzina la munthu kapena banja, ndi mudzi. Mukaona mawu akuti négociant, kapena zilembo zachidule ndi nambala ya positi yokha popanda dzina la munthu, ndiye kuti ndi wamalonda amene anagula mphesa kapena vinyo kwa alimi osiyanasiyana n'kuphatikiza. Si tchimo, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito yabwino, koma si zimene mwabwerera.

Chizindikiro china n'kachithunzi ka munthu atasenza mgolo paphewa, kolembedwa Vigneron Indépendant. Ndi cha bungwe la alimi oima paokha, amene amalonjeza kuti ntchito yonse kuyambira kumunda mpaka kugulitsa amaigwira okha. Kachithunziko kakukuuzani mmene ntchito inayendera, osati kukoma kwake. Ndipo alimi ena odziwika bwino sali m'bungwemo n'komwe, choncho kusowa kwake kusakubwezeni.

Mukagula ku France komweko, mabotolo ambiri ali ndi kachidindo kozungulira pamwamba pa chotsekera (kaja ka khungwa la mtengo kolowa pakamwa pa botolo), kokhala ndi mutu wa mayi. Ndi ka msonkho. Chilembo R kapena mawu akuti récoltant pamenepo akusonyeza wokolola yekha, pomwe N akusonyeza wamalonda. Kuyambira mu 2019 kachidindoka si kokakamizanso, ndipo mabotolo otumizidwa kunja nthawi zambiri sakhala nako.

Mudzaonanso mawu akuti contient des sulfites. Musachite nawo mantha. Lamulo la ku Ulaya limafuna kuti alembedwe pa vinyo aliyense wopitirira mamiligalamu 10 a salufa pa lita, ndipo pafupifupi vinyo yense amapitirira pamenepo. Salufa ndi amene amateteza vinyo kuti asasase. Alimi ena amathira wochepa kwambiri kapena sathira n'komwe, ndipo vinyo wawo amatchedwa nature. Ena mwa amenewa ndi okoma zedi, koma ndi osachedwa kuwonongeka. Ngati botolo liyenda ulendo wautali kupita kumalo otentha, ine sindingasankhe limeneli. Chizindikiro chobiriwira cha AB chikunena za kulima popanda mankhwala opangidwa m'fakitale, ndipo ndi nkhani ina yosiyana ndi ya salufa.

Chaka cholembedwa pa botolo ndi chimene mphesa zinakololedwa, nthawi zambiri mu Seputembala. Kwa mlimi wamng'ono chaka ndi nkhani yaikulu, chifukwa alibe minda kwina yoti akatapeko zikavuta. Mu Epulo 2021 chisanu chinagwa mipesa itaphuka kale, ndipo alimi ku Chablis, m'dera la Bourgogne, ndi ku Loire anachezera usiku kuyatsa makandulo aakulu m'mizere kuti masamba anthete asapse. Ambiri anakolola zochepa kwambiri chaka chimenecho. Kwa inu wogula, lamulo losavuta ndi ili: Muscadet wamba ndi Sancerre amwedwe asanathe zaka 3 kapena 4. Vouvray wa mlimi waluso, makamaka wotsekemera, amatha kukhala zaka makumi angapo.

Kugula

Mukakhala ndi mwayi wofika ku France, pitani pakhomo pa mlimi. M'misewu ya m'midzi ya mpesa muona zikwangwani zolembedwa Dégustation, Vente, kutanthauza kulawa ndi kugula. Imbani foni kaye. Mwini wake ndi yemweyo amene ali pa thirakitala, ndipo sangakhale pakhomo kudikira alendo. Musafike pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi nthawi ya chakudya ndipo Afalansa saseweretsa nthawi imeneyi. Mu Seputembala, nthawi yokolola, asiyeni agwire ntchito.

Mukalowa, perekani moni wa Bonjour musananene china chilichonse. Adzakuthirirani pang'onopang'ono mitundu inayi kapena isanu, kuyambira wopepuka kumalizira wotsekemera. Patebulo pamakhala kachidebe kolavulira. Kwathu kulavula chimene wakupatsa mwini nyumba ndi mwano, koma kumeneko ndi mwambo, ndipo mlimiyo alavula limodzi nanu. Ngati mukuyendetsa galimoto, lavulani ndithu: malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa ku France ndi theka la galamu pa lita. Funsani mafunso enieni. Mphesa izi zachokera m'munda uti? Munapanga mabotolo angati? Anakhala mumgolo wamatabwa kapena m'thanki yachitsulo? Ndimusunge zaka zingati? Mlimi akaona kuti mukufunadi kudziwa, nthawi zina amatsika nanu kuphanga n'kukutapirani wa mumgolo amene sanathe kupsa. Kulawa nthawi zambiri n'kwaulere, koma kutuluka chimanjamanja mutamudyera ola lathunthu n'kupanda khalidwe. Gulani ngakhale mabotolo awiri. Katoni yawo imakhala ya mabotolo 6.

Ngati nthawi yoyenda m'midzi palibe, bungwe lija la alimi oima paokha limachititsa misika yaikulu m'mizinda monga Paris, Lyon, Lille ndi Strasbourg, komwe alimi mazanamazana amabwera okha ndi mabotolo awo. Wa ku Paris wodziwika kwambiri umachitika chakumapeto kwa Novembala.

Amene muli ku London, Manchester kapena Johannesburg, pitani ku kasitolo kogulitsa vinyo yekhayekha, osati ku supamaketi. Sitolo yaikulu imafuna mabotolo ochuluka amene mlimi wa migolo 4 sangakwanitse. Muuzeni wogulitsa ndalama zimene muli nazo, popanda manyazi, ndi chakudya chimene mukaphike. Yang'ananinso pamene botolo laikidwa. La pawindo lowombedwa ndi dzuwa, kapena pansi pa getsi lotentha, lisiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Ponyamula pandege, mabotolo alowe m'chikwama chachikulu, osati cham'manja. Kulungani lililonse m'pulasitiki, kenako m'juzi, muike pakati pa zovala. Dziko lililonse lili ndi malire ake a vinyo wolowa popanda msonkho: South Africa imalola malita 2, Britain malita 18. Kumene mukupita fufuzani musananyamuke.

Mdani wamkulu ndi kutentha

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Vinyo amafuna malo amdima, ozizira madigiri 12 mpaka 14, osasinthasintha. Nyumba ya malata mu Okutobala ili kutali ndi zimenezo.

Ine ndinaphunzira movutikira. Mnzanga anandibweretsera mabotolo awiri a Vouvray, ndipo ndinawasiya m'buti ya galimoto masana onse ndikuzungulira m'tauni. Madzulo ndinapeza chotsekera cha limodzi chitatukuka pang'ono, ndipo pakhosi pa botolo panali kamzere konata. Titatsegula patapita milungu ingapo, vinyoyo anali atada ngati tiyi wopanda mkaka, akumveka ngati maapozi ophika dzana. Botolo linawoloka nyanja bwinobwino n'kudzafera pamalo oimika magalimoto.

Ndiye mukafika nalo kunyumba, chitani izi. Lisiyeni m'katoni yake, chifukwa kuwala nakonso kumawononga vinyo woyera, makamaka wa m'botolo loonekera m'kati. Pezani chipinda cham'kati chimene khoma lake siliwombedwa ndi dzuwa, muike katoniyo pansi pa simenti, pansi pa bedi kapena m'munsi mwa wadiropu. Goneketsani botolo kuti chotsekera chizikhala chonyowa. Chikauma chimanyala, mpweya n'kulowa. Kukhitchini ayi. Pamwamba pa furiji ayi, pamatentha. M'kabati yagalasi ya pabalaza yoonetsera alendo, ayi ndithu.

Ngati kwanu n'kotentha ngati ku Nsanje, Salima kapena Tete, musadzivute ndi zosunga zaka. Ikani botolo m'kabokosi ka ndiwo zamasamba m'munsi mwa furiji, mumwe isanathe miyezi iwiri kapena itatu. Magetsi akazima, osatsegulatsegula furijiyo. Ndipo botolo limene langotsika ndege lipumitseni sabata imodzi kapena ziwiri musanalitsegule.

Tsiku lotsegula

Vuto lachiwiri ndi losemphana ndi loyamba: kuziziritsa mopitirira. Tinazolowera kuti chakumwa chabwino ndi chozizira mpaka mano kuwawa. Kwa vinyo wotchipa zimathandiza, chifukwa kuzizira kumabisa zolakwa. Koma kumabisanso fungo lonse limene mwalipirira. Furiji imakhala pa madigiri 4 kapena 5. Muscadet ndi Sancerre amafuna 8 mpaka 10, Vouvray ndi ena athupi amafuna 10 mpaka 12. Choncho ikani botolo m'furiji maola awiri kapena atatu, mulitulutse mphindi 10 kapena 15 musanathire. Kukatentha kwambiri, mphindi 5 zakwana, chifukwa m'tambula atenthera yekha.

Alendo akakudzidzimutsani, thirani madzi ndi ayezi muyezo wofanana m'ndowa, muwazemo mchere wodzaza dzanja, mumize botolo mpaka m'khosi. Pa mphindi 20 lazizira. Ayezi yekha wopanda madzi amachedwa. Mufiriza musaikemo pokhapokha mutatchera alamu, chifukwa vinyo akaundana amakankha chotsekera kapena kuswa botolo. Ayezi wa m'tambula amasungunula ntchito ya chaka chonse ya munthu, ndiye ameneyo asalowemo.

Dulani chokutira cha pakamwa pa botolo, mupukute. Alimi ena amamata phula m'malo mwake: musavutike kulipala, boolani pomwepo ndi chotsegulira chopota chija, phulalo lisweka lokha pokoka. Lowetsani chotsegulira pakati penipeni, mowongoka, mukoke mofatsa.

Tambula ikhale yagalasi lopyapyala, yamwendo, yopanikizika kukamwa, ndipo yotsukuluzidwa bwino. Fungo la sopo kapena la m'kabati limapha zonse. Thirani osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, mugwire kumwendo kuti dzanja lisatenthetse.

Nunkhizani musanamwe. Mukufuna kudziwa kaye ngati ali bwino. Akamanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, ndiye kuti chotsekera chinamuwononga. Kumwa sikungakudwalitseni, koma sakonzeka, ndipo sitolo yabwino imasinthitsa mukabweza botolo lisanathe. Akamanunkha viniga, wasasa. Koma kafungo ka machesi ongozimitsa kumene si vuto: kamachitika ndi vinyo amene anatetezedwa kwambiri ku mpweya. Muzungulitseni m'tambula, kapena mumutsanulire mujagi yoyera kwa mphindi 15, kachoka. Timiyala tonga shuga kapena magalasi osweka pansi pa botolo kapena pa chotsekera tisakuopseni. Ndi mchere wachilengedwe wa m'mphesa umene umaundana kukazizira. Makampani aakulu amauchotseratu kuti ogula asadandaule, pomwe alimi ambiri ang'onoang'ono amausiya. Kachimbuuzi pang'ono nakonso kamangosonyeza kuti sanasefedwe kwambiri.

Tsopano imwani pang'ono, muyendetse mkamwa monse musanameze. Musavutike kusaka mayina a zipatso za ku Ulaya zimene simunadyepo. Ngati akukukumbutsani bwemba, masuku kapena fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, nenani zomwezo. Mafunso ake ndi ochepa: akuwawasa bwanji, ali ndi shuga kapena ayi, ndi wopepuka ngati madzi kapena wolemerako ngati mkaka, ndipo kukoma kukukhala nthawi yaitali bwanji mutameza? Funso lomalizali ndi limene limasiyanitsa wabwino ndi wamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tambula yachiwiri, patatha theka la ola, nthawi zambiri imaposa yoyamba.

Chakudya chake

Ku Nantes amamwa Muscadet ndi nkhono zam'nyanja zaziwisi, ndipo ku Sancerre amadyera tchizi cha mkaka wa mbuzi cha m'mudzi wa Chavignol. Ife tili ndi chambo. Chambo chowotcha pamakala, chothira mchere ndi ndimu basi, chimayenda ndi Muscadet ngati anabadwira limodzi. Usipa wokazinga nawonso, chifukwa kuwawasa kuja kumatsuka mafuta mkamwa. Nkhuku yachikuda yophika ndi anyezi imafuna Vouvray sec. Ndiwo za tsabola wa kambuzi zimapha vinyo wosatsekemera, koma demi-sec amalimba nazo, popeza shuga pang'ono amaziziritsa moto. Chimene sindinachipezere mnzake ndi ndiwo za matimati ambiri: kuwawasa kuwiri kumangokangana.

Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula 6 ang'onoang'ono, ndipo mphamvu yake nthawi zambiri ndi 12 kapena 13 peresenti, kuposa kawiri mowa wam'mabotolo wamba. Kupepuka kwake kumanyenga. Ikani madzi akumwa patebulo. Mabotolo ambiri ogulidwa ku France ali ndi kachithunzi ka mayi woyembekezera kodulidwa ndi mzere, ndipo tanthauzo lake ndi lomveka.

Akatsala, bwezerani chotsekera nthawi yomweyo, muimike botolo m'furiji. Akhala bwino masiku awiri kapena atatu, ndipo Chenin wabwino nthawi zina amakoma kwambiri tsiku lachiwiri. Ngati watsala theka, mutsanulireni m'kabotolo kakang'ono koyera kuti kadzaze mpaka pakamwa, mpweya usapeze malo. Musanataye botolo lopanda kanthu, jambulani pepala lake ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti dzina la mlimi, mudzi ndi chaka zioneke. Mukadzabwerera kusitolo chaka chamawa mwina simudzapeza vinyo yemweyo, koma mudzafunsa dzina la mlimiyo.